Waya Wachiwiri ndi Mbuzi ya Apongozi

Zimitsa kaye injiniyo, Zeka. Zimitsa, ndamva kale! Galimoto yakoyi ndinaimva ikulira isanakhote n'komwe pa Chipanga. Ukaponda mafuta kulirako kumakwera, ukasiya kumatsika, ndipo nyimbo imamveka ngati woimbayo wameza udzudzu. Ndanama? Ndiye wati amakanika akuuza kuti ugule ampulifikadoro ina, chokwezera mawu chija? Akuba amenewo. Khalani pansi apa nonse. Iwenso Rozita, siya kukanda foniyo, siithawa. Matenda amenewa ndimawadziwa kuposa dzina langa la ubatizo, chifukwa anatsala pang'ono kundithetsera ukwati. Akanauthetsa, bwenzi ambiri a inu kulibe, ndipo bwenzi ndikudya chinangwa changachi popanda wondithyolera.

Mukandiona lero ndi ndevu zoyerazi mumayesa ndinabadwa ndi ulemu. Ayi ndithu. Ine ndinabadwira kuno ku Moatize, m'nyumba za okumba malasha, ndipo khasu ndinalidziwira kuukulu. Nkhondo itatithamangitsira ku Malawi, anzanga ankapita kukalima ganyu m'minda ya eni dziko, ine ndinkakhala pansi pa mtengo pa msasa wa othawa nkhondo, kukonza timawayilesi ta mabatire. Zida zanga zinali msomali waukulu wotenthetsa pamakala ndi kamtovu kowotcherera, basi. Kumeneko ndi kumene ndinawaonera agogo anu aakazi, a Luwiza. Anabweretsa wayilesi ya amalume awo, a Domingo, ndipo ine ndinaikonza mwaluso kwambiri moti inkafanso Lachisanu lililonse. Musaseke. Ukaipa dziwa nyimbo.

Tinakwatirana komweko, n'kubereka amayi ako iwe Rozita, a Tereza. Pa msasa panalibe minda, tonse tinkadya za pamzere, choncho ulesi wanga sunkaoneka. Unadzaonekera poyera mtendere utabwera, pamene ndinatsatira mkazi wanga kwawo, kumapiri a Zobwe, kukakhala mkamwini. Tinapeza nyumba zitagwa, minda itasanduka tchire, ndipo pansi panali pobisika mabomba okwirira. Masiku amenewo mbuzi zinali ndi ulemu wake. Pamene paponda mbuzi n'kubwerako ndi miyendo inayi, m'pamene munthu ankapondapo.

Anandipatsa munda. Ndinalima, sikuti sindinalime, koma mizere yanga inkayamba kuloza ku Tete n'kukathera kuloza ku Mwanza. A Domingo, amene anali mwini mbumba komanso mkulu wa mpingo wa Chipulotesitanti, ankabwera m'mawa uliwonse kudzaima pachulu, manja ali kumbuyo, n'kumangopukusa mutu. Ine ndinali Mkatolika, ndiye ankati kukhota kwa mizereko kunayambira ku chipembedzo. Ankandikayikiranso pa nkhani ina. Ankati, "Akamwini, wayilesi yanga ija inasiya kufa tsiku limene munakwatira. Ndimalingalirabe."

Titakolola, anthu anadzaza nkhokwe, ine ndinadzaza madengu atatu. Nthawi yomweyo n'kuti Marita, mng'ono wake wa agogo anu, akukwatiwa ndi mnyamata wokhala ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Unali ukwati woyamba m'mudzimo chibwerereni ku Malawi. Pokambirana za phwando pabwalo, anthu anayamba kutama mkamwini watsopanoyo, ndipo wina anafunsa kuti nanga mkamwini wakaleyu abweretsa chiyani. Anthu anaseka. Ine magazi anandikwera kumutu, ndinaimirira n'kunena kuti ndidzaimbitsa zitsulo mpaka asilikali a pa malire adzavina ali pa ntchito.

A Domingo sanaseke. Anati, "Puronto, zatheka. Mwanena nokha pamaso pa anthu. Loweruka la ukwati dzuwa likadzafika pamutu zitsulo zanuzo zisanaimbe, mphasa yanu mudzaipeza panja. Mwanayu ndi wathu, atsala."

Inu ana a masiku ano mwina simukumva kulemera kwa mawu amenewo. Kwa anthu a kwa agogo anu, ana ndi a kuchikazi. Mkamwini akamachoka amanyamula mphasa ndi nkhwangwa yake, ana amawasiya. Tereza anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sankadya ngati sindinayambe ndalawa ine. Titalowa m'nyumba, agogo anu anangoti, "Bambo a Tereza, pakamwa panupa padzatiphetsa."

Ndisanapitirire ndikuuzeni za apongozi anga, Anaphiri, amayi ake a agogo anu. Lero iwe Zeka umakhala mpando umodzi ndi amayi a chibwenzi chako, n'kumajambulana nawo mano ali pamtunda. Ife tikanakomoka. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, sankayankhulana, sankadyera pamodzi. Mukakumana panjira, mkamwini ankapatukira kutchire. Tsono tchire la nthawi imeneyo linali la mabomba. Ndiye tikakumana, tonse tinkatembenuka, n'kumadutsana chammbali, msana ndi msana, pakanjira kopapatiza ngati lamba. Zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati, ine nkhope ya Anaphiri ndinali ndisanaione bwinobwino, koma zidendene zawo ndikanazizindikira pa msika.

Anthu ankawaopa mayi amenewo chifukwa cha chimene ankavala m'khosi: kanthu kolemera, kakukula ngati dzira la bakha, kosokerera m'nsalu yakuda. Aliyense ankadziwa kuti ndi chithumwa. Ankati ndi chimene chinakhotetsa zipolopolo pamene ankathawa. Munthu wina atawabera nkhuku, mwendo unamutupa mpaka anabweza nkhuku ziwiri.

Ndinapalasa njinga yanga kutsika kuno ku Moatize, masiku awiri panjira, kudzaonana ndi Tome, Mnyungwe wina amene anali ndi ofisina yokonzera magalimoto kuseri kwa msika. Munthu ameneyu anali atatolera zitsulo za m'malole amene anaotchedwa pa msewu wa Tete ndi Zobwe nthawi ya nkhondo. Anandionetsa mulu wake monyadira ngati akundionetsa ana. Anati, "Shamwali, izi si zidole za ku Malawi ayi. Izi ndi za m'makamiyau, malole akuluakulu, zamphamvu." Ndinamusiyira njinga, iye n'kundipatsa mawayilesi awiri a kaseti, ampulifikadoro imodzi, masipika anayi, batire lotopa ndi kaseti imodzi yopanda dzina. Ndinabwerera pamwamba pa lole ya mchere, nditakumbatira katundu wanga, fumbi lili m'mano.

Tsono tcherani khutu, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani, ndiponso m'pamene pagona matenda a galimoto ya Zeka. Timawayilesi timene ndinazolowera ku Malawi tinali ndi mwambo umodzi. Mawu amayenda pa waya mmodzi, ndipo waya wachiwiri ndi masa, ndiye kuti amangogona pa chitsulo cha thupi la wayilesiyo. Ampulifikadoro nayo imalandira mawu mwa mwambo womwewo: kamsomali kapakati ndi ka mawu, mkombero wakunja ndi masa. Koma mawayilesi amphamvu a m'malole aja amatulutsa mawu pa mawaya awiri, onse amoyo. Zili ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, munsi wina ukamatsika wina ukukwera. Palibe wogona. Ine zimenezi sindinkazidziwa, ndipo kufunsa Tome ndinaona ngati kudzichepetsa.

Lolemba la sabata ya ukwati ndinaitana mudzi wonse kuti udzaone. Ndinatenga waya woyamba wa wayilesi n'kumulumikiza pakati, wachiwiri n'kumugoneka pa masa monga ndinazolowera. Ndinakankha kaseti. Ana inu, zinaimba! Woimbayo anatchula mawu atatu omveka bwino, agalu n'kuthawa, amayi n'kuyamba nthungululu. Kenako panamveka fungo ngati la tsitsi lopsa, ndipo kautsi kabuluu kanatuluka pakamwa pa wayilesi, pang'onopang'ono, mosafulumira.

A Domingo anadikira utsi wonse uthe. Kenako anati, "Yaimba bwino, akamwini. Utsiwu ndiye vesi yachiwiri?"

Safunsa anadya phula. Ndinatsala ndi wayilesi imodzi ndi masiku anayi.

Lachiwiri ndinachenjera, kapena ndinene kuti ndinachita mantha. Waya wachiwiri uja sindinamugonekenso pa masa. Ndinamukulunga m'khoko la chimanga n'kumusiya akulendewera. Koma batire lija linali litatheratu mphamvu, linkagwira ntchito pokhapokha likuyamwa moto. Moto m'mudzimo unali pamalo amodzi okha, pa chigayo cha dizilo chimene injini yake inali ndi dinamo. Ndinaika batire ndi wayilesi pa chigayopo, ampulifikadoro ndi masipika kutali pabwalo, ndipo pakati pake ndinayala waya wa mpanda amene ndinakhalira tsiku lonse kumusosola minga.

Injini italira, wayilesi sinapse. Nyimbo inatuluka, koma pamwamba pake panali kulira kwina, kowonda, kotalika, kosapuma, wiiiiii, kokweza kuposa woimbayo. Kulira komwe kuja wabwera nako iwe lero. Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo. Mayi wina anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Ndi dalaivala! Ndi amene anapsera m'lole muja, wabwera ndi wayilesi yake!"

Mwatsoka, nthawi yomweyo munthu wina anathira chimanga m'chigayo. Mukudziwa kuti chigayo chikalandira chimanga injini imalemedwa n'kuyamba kuzungulira pang'onopang'ono. Kulira kuja nako kunatsika, kunakhala ngati kung'ung'udza. Chimanga chitatha, kunakweranso. Anthu anayang'anana. Anathiranso lichero lina, kunatsika. Mayi uja anawomba m'manja n'kunena kuti, "Mwaona? Ali ndi njala, wosaukayo. Anafa asanadye."

Kuyambira pamenepo mudzi wonse unayamba kudyetsa dalaivala. Ndinayesa kuzimitsa zinthu zanga, anandikaniza, ati mzimu ukautsekera pakamwa uli ndi njala umalowa m'nyumba za anthu. Lachitatu mzere wa madengu unafika kumsewu. Lachinayi anthu anayamba kutsegula nkhokwe zimene anasungira dzinja. Mwini chigayo yekha ndi amene ankayenda akuimba mluzu. A Domingo analalikira pabwalo kuti kulibe mizimu yodya mgaiwa, koma madzulo ake akazi awo anaoneka pamzere ndi madengu awiri, ati kungoyesa. Akatolika anzanga nawo anabwera ndi botolo la madzi odalitsa kuti awaze ampulifikadoro. Ndinaigonera pamwamba, madzi onse anathera pamsana panga, moti ine ndine munthu wobatizidwa kawiri.

Ndinene chilungamo, ine ndinkadziwa kuti si mzimu. Ndinkamva ndi makutu anga kuti kulirako kukutsatira injini. Koma njira imene kunkalowera m'nyimbo sindinkaidziwa, ndipo ndinakhala chete chifukwa pamene anthu ankaloza chala wakufa, sankaloza ine.

Sizinakhalitse. Lachisanu masana a Domingo anasuzumira m'nkhokwe yawo n'kuona pansi pake. Anabwera pa chigayo ali mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze. Anati, "Akamwini, ena amabweretsa ngolo. Inu mwatibweretsera chiwanda chodya chimanga. Mawa dzuwa likafika pamutu ndikufuna nyimbo yopanda maliro m'kati mwake. Apo ayi, inu ndi dalaivala wanuyo mutsagane."

Nditalowa m'nyumba ndinapeza agogo anu akukulunga mphasa yanga, misozi ikugwera pa mphasapo. Anati, "Kuli bwino ndiikulunge ndekha kusiyana ndi kuti adzaiponye anthu." Tereza anali atakhala pa nkhwangwa yanga kuti wina asaitenge. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale pothawa nkhondo, chifukwa pothawa nkhondo ndinalibe chosiya m'mbuyo.

Loweruka m'mawa anthu onse anali kuphika ndi kukongoletsa mkwatibwi. Ine ndinakhala ndekha kuseri kwa chigayo, pansi pa mtengo wa mango, mbaula yanga ili pambali, msomali uli pamoto, osadziwa choti ndiwotcherere. Pamtengo womwewo anamangirirapo mbuzi yofiirira ya ndiwo za ukwati. Tinkayang'anana ngati anthu awiri odikira dzuwa limodzi.

Ndinamva mapazi. Nditaona zidendene, ndinatembenuka msanga kuyang'ana kukhoma. Anaphiri anakhala pansi mbali ina ya mtengo, nawonso atandifulatira, mbuzi ili pakati pathu. Anatsokomola.

"Iwe mbuzi," anatero, "wadzuka bwanji?"

Mbuzi inapitiriza kubzikula.

"Ndikanatuma mwana, koma mwana ali ndi pakamwa. Iwe pofika masana udzakhala utasunga chinsinsi mpaka kalekale. Uwauze eni ake mawayawo kuti waya wachiwiri amene amufunditsa khoko la chimangayo si wakufa."

Ndinayang'anabe kukhoma. Ndinati, "Mbuzi, uwauze amayi kuti ndamva. Koma uwauzenso kuti nditamugoneka pa masa, wayilesi inapsa."

"Uwauze kuti fungo lake ndinalimva ndili kumtondo. Wamoyo samugoneka pansi. Uwauzenso kuti pomusiya akulendewera, mawu akusowa njira yawo yobwerera, ndiye akubwerera pa waya wa mpanda uja, pamene pakuyendanso phokoso la dinamo. Dalaivala wawoyo ndi ameneyo."

Ana inu, ndinatsala pang'ono kutembenuka. Ndinati, "Mbuzi, tafunsa mwaulemu, amayi zimenezi anazidziwira kuti?"

Pamenepo ndi pamene ndinamva, kudzera mwa mbuzi, zimene ngakhale agogo anu sankazidziwa bwino. Amuna awo a Anaphiri, malemu a Alberito, anali okonza malamya a m'mbali mwa njanji kuno ku Moatize. Maso atayamba kuwavuta, ankabwera nazo ntchito kunyumba mobisa kuti asachotsedwe, ndipo amene ankawotcherera kwa zaka khumi anali akazi awo. Mawaya a lamya nawonso amayenda awiriawiri, onse amoyo. Tsiku lina a Alberito anapita kukalumikiza waya woduka kunjanji, osabwerakonso.

Ndinamva ulusi ukuduka ndi mano. Kenako kanthu kanagubuduzika kudutsa pansi pa mimba ya mbuzi n'kudzagunda phazi langa. Chinali chithumwa chija, nsalu yake itasomboka. Ndinadumpha.

"Uwauze atole, sichiluma."

Ndinatola ndi zala ziwiri. Kanali kachitsulo kolemera, kopakidwa phula, kokhala ndi timiyendo tinayi.

"Imeneyo ndi bobina ya lamya," Anaphiri anaiuza mbuzi. "M'kati mwake muli mikombero iwiri ya waya woonda ngati tsitsi, yokulungidwa pa chitsulo chimodzi. Siigundana, koma wina ukayankhula winawo umamva. Mawaya awiri amoyo a wayilesi alowe mbali imodzi. Mbali inayo ipite ku ampulifikadoro, mwendo wina pakati, wina pa masa. Mawu adzawoloka, phokoso lidzasowa mlatho. Uwauzenso akang'ambe wayilesi yakufa ija atengemo tinthu tiwiri ta mizeremizere, tichepetse mawu asanalowe m'bobina. Womwalirayo asiyeko chuma."

Ndinang'amba wayilesi ija, iwo n'kumaiuza mbuzi mitundu ya mizere, ine n'kumasankha. Mtima utakhala pansi pang'ono ndinati, "Mbuzi, tafunsa, nanga mwendo wa wakuba nkhuku uja unatupa bwanji?"

"Uwauze kuti anaponda minga. Koma asauze munthu." Kenako anapitiriza motsitsa mawu. "Tsiku lothawa, dzanja lina linagwira Marita. Linalo likanatenga mphika kapena ichi. Bambo ake a Marita anachisiya patebulo kuti adzachiyesa akabwera, ndipo chala chawo chinadinda paphulapo. Uwauze asafufute."

Ndinayang'ana. Chidindo cha chala chinalipodi.

Tinali titatsala ndi chinthu chimodzi, kuti andiuze miyendo iwiri ya mbali ya wayilesi ndi iti, pakuti inayi yonse inali yofanana, yopanda chizindikiro. Anaphiri anali atangoti, "Iwe mbuzi, tsono uwauze kuti mwendo wa..." pamene a Domingo anatulukira ndi amuna awiri, mpeni uli m'manja.

"Tabwerera ndiwo," anatero.

Ndinagwira chingwe. Ndinati, "Amalume, chonde, mbuziyi ili pa ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Ikumasulira."

A Domingo anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana mlongo wawo, amene anali kutola timiyala pansi ngati munthu wongopuma pamthunzi. Anaphiri sakanatha kunena kanthu, chifukwa kuikira mbuzi kumbuyo kukanakhala kuvomera kuti amacheza ndi mkamwini. A Domingo anati, "Dzana chiwanda chodya chimanga, lero mbuzi yomasulira. Epa! Akuchimuna afika kale, mpunga wapsa. Masulani."

Anaikoka. Inapita ikundiyang'ana, ndipo posakhalitsa tinaimva kuseri kwa khola ikunena mawu ake omaliza, amene sanali a mawaya.

Tinatsala awiri, msana ndi msana, popanda wotiyankhulira. Ndinayang'ana uku ndi uku. Nkhuku zonse zinali kale m'miphika. Galu anali atatsatira mpeni. Mthunzi wa mango unali utafupika mpaka kufika m'mapazi mwanga, ndipo pabwalo ndinkamva anthu akusonkhana. Ndinatenga msomali pamoto, koma m'mutu mwanga munali utsi wa Lolemba uja, ndipo manja ankanjenjemera moti mtovu unadontha pa bondo langa. Sindinamve n'kutentha komwe. Ndinkangoona Tereza atakhala pa nkhwangwa.

Kenako ndinamva nsalu ikukhwekhwereza pansi, ndipo mthunzi wa munthu unagwera pa manja anga.

"Akamwini."

Ndinadzutsa mutu. Kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Anali ndi mpata wa mano womwe uja wa agogo anu.

"Gwirani apa. Musanjenjemere."

Ndinagwira. Ananditenga msomali m'manja, anaupukuta pa chitenje, n'kuwotcherera malo onse mofulumira ngati akusenda nyemba. Timfundo tawo tinali tosalala, tonyezimira, ndipo ine mmisiri wa pa msasa ndinachita manyazi. Atamaliza anabwezera msomali pambaula, anatembenuka, n'kumapita kumiphika osacheuka.

Mwini chigayo anapukusa injini. Ndinakankha kaseti dzuwa lili pamutu penipeni. Nyimbo inatuluka yoyera, yopanda kulira ngakhale pang'ono. Ndisakunamizeni, sinali yonona. Bobina ya lamya inazolowera mawu a anthu, ng'oma zikuluzikulu inkazikana, moti woimbayo ankamveka ngati akutiimbira pa lamya ali ku Beira. Inalinso imodzi yokha, ndiye masipika onse anayi ankanena chinthu chimodzi, osati zanu zino za khutu lamanja ndi lamanzere. Koma anthu amene anatha zaka osavina safunsa zimenezo. Kaseti imodzi ija tinaitembenuza mpaka dzuwa kupendeka. A Domingo anaoneka akudumphadumpha kuseri kwa nkhokwe yawo yopanda kanthu, ndipo atafunsidwa anati anaponda linthumbu. Asilikali a pa malire sanavine, kunali kutali, koma palibe anandikumbutsa.

Anthu ataona kuti m'khosi mwa Anaphiri mulibe kanthu, anagwirizana kuti mankhwala awo ndi amene anagoneka dalaivala. Sindinatsutse, pakuti kunena zoona sanalakwitse kwenikweni. Chaka chimenecho tinadya ufa wofumbwa mpaka mvula, ndipo aliyense akaluma kachilombo ankanditchula dzina. Nyama ya mbuzi ija ndinakana, ndinati munthu sadya nkhoswe yake. Agogo anu anandisungira kachiwindi, ndipo ndinadya ndili wachisoni. Mphasa anaiyalanso okha, Tereza n'kutsika pa nkhwangwa.

Ndinakhala moyandikana ndi Anaphiri zaka zina khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mukuganiza kuti tinayamba kucheza? Ngakhale tsiku limodzi. M'mawa mwake tinakumana panjira n'kudutsana msana ndi msana monga kale. Akafuna kundiuza kanthu ankauza nkhuku, galu kapena khanda losayankhula, ndipo ambiri a makolo anu anagwirapo ntchito ya mbuzi ija asanamere mano. Pa moyo wanga wonse, mawu amene anandiuza ine mwini, maso ndi maso, ndi anayi aja basi.

Atadwala matenda omaliza, anandiitanitsa. Ndinaima pakhomo nditafulatira. M'nyumbamo munali mphaka, ndipo ndinawamva akumuitana ndi mawu otsika kwambiri.

"Iwe mphaka, uwauze akamwini kuti bobina ija isanyowe. Uwauzenso kuti mizere yawo ndi yokhota mpaka lero, koma mwana wanga sanagonepo ndi njala."

Ndinafuna kuyankha, koma mphaka anali atatuluka kale pawindo. Ndinawalira mayi amenewo kuposa mmene mwambo umalolera mkamwini.

Ndiye iwe Zeka, ampulifikadoro yako ilibe mlandu. Amene anakulumikizira anatenga waya mmodzi, mnzake n'kumusiya akulendewera, monga ndinachitira ine. Lolemba ukagule kabokosi kena kamene amagulitsa ku Tete, muli mabobina awiri, ina ya khutu lililonse, ndipo sikafika n'komwe pa mtengo wa nkhuku ziwiri. Koma lero ndikufuna umve ndi makutu ako kuti sindikunama. Tandithandizani kumasula chingwe ichi m'khosi. Eya, n'chomwechi chimene mumanong'onezana kuti ndi chithumwa cha agogo, ndimakumvani. Musakhudze paphulapo.

Msomali watentha kale pambaula. Koma taonani manja angawa, akhala chonchi chaka chachitatu tsopano, ndipo palibe wowauza kuti aleke. Bwera kuno Rozita. Dzina lakoli ndi lawo, Anaphiri anali a Roza, ndipo mpata wa manowo sunautole panjira. Ika foni pansi.

Gwira apa. Usanjenjemere.